Bondo la Yadiel Linalibe Timu

Chitini cha mabisiketi chinayamba kulira pakati pa usiku. Grrr, grrr, ngati mwatsekeredwa mavu. Doña Providencia anadzambatuka kolona ili m'manja, poyesa kuti ndi chivomezi. Koma anali mafoni. M'nyumba ya a Cintrón munali lamulo lakuti mapemphero amadzulo akatha, aliyense aponye foni m'chitini, ndipo chitinicho chigone pamwamba pa filiji mpaka kuche.

Mwana wawo Yadiel anali atafika kale pafilijipo, wopanda nsapato, mutu ukufuna kugunda denga.

"Wamwalira ndani?" anafunsa mayi ake.

"Palibe, Mayi. Kontilakiti yanga yatha. Thwelofu yakwana."

Kwa zaka zitatu Yadiel ankasewera basiketibolo mu timu ya Akabawi, ya m'tauni yawo ya kumapiri. Usiku umenewo zaka zitatuzo zinatha, ndiye timu iliyonse pachilumba cha Puerto Rico inali ndi ufulu womuimbira.

"Ndine mfulu tsopano," anatero, akutsegula chitini.

Bambo ake, Don Heriberto, amene ankayendetsa basi ya Akabawi, anatuluka kuchipinda akumanga lamba.

"Mfulu wa chiyani iwe? Lamlungu lomweli unagwirana chanza ndi Don Anselmo pakhomo pa tchalitchi. Anthu anaona. Bwezera foniyo m'chitini."

Don Anselmo anali mwini timu. Ndi iwo amene anagulira Yadiel nsapato zoyamba zosewerera, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano anali atamulonjeza zaka zina ziwiri, malipiro okwererako, ndi dokotala wa timu akavulala. Chinangotsala n'kusainira Lachisanu.

Kunja kunalira hutala. Pageti panaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka Papo Quiñones, ejenti wa ku San Juan, wogulitsa osewera kumatimu. Fungo la mafuta ake odzola linalowa m'nyumba iye asanalowe.

"Ngwazi yanga! Pepani akuluakulu, ntchito yathu silinda tambala." Anayang'ana Yadiel kuyambira kumapazi. "Aise, msinkhu wonsewu ukuwotchera m'mapiri muno? Ukusewerera anthu othyola khofi?"

"Wapereka kale mawu ake," anatero Don Heriberto.

"Wasainira, madala?"

"Wagwira chanza."

Papo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Chanza! Ine lero ndagwira zanza makumi awiri, ndiye kuti ndakwatira onsewo? Mfana, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tenga chikwama."

Yadiel anatengadi chikwama.

Kwathu kuno mwana satuluka pakhomo asananene kuti, "Dalitso, Mayi," ndipo mayi amayankha kuti, "Mulungu akudalitse." Ngakhale amuna andevu amatero. Doña Providencia anaima pakhomo kudikira mawuwo. Yadiel anawerama kuti mutu usagunde mphuthu, n'kudutsa osanena kanthu. Kaya anaiwala, kaya anachitira dala. Kodi munthu angasinthe usiku umodzi wokha?

Ku San Juan, Papo anamupatsa chipinda chapamwamba penipeni, unyolo wonyezimira wa m'khosi, ndi botolo la mowa wa ramu.

"Sindimwa ine, achimwene," anatero Yadiel tsiku loyamba.

"Ukuopa ndani? Chitini cha amayi ako chatsala kumapiri."

Sabata yachiwiri, amene ankafunsa za botolo anali Yadiel. Kuthamanga kwa m'mawa anasiya. Ankadzuka dzuwa lili pamutu.

Matimu ankaimbadi. Timu ina ya kummwera inapereka malipiro oposa a Don Anselmo. Yadiel anasangalala, koma Papo anadula foni.

"Woyamba kuvomera ndiye wotchipa. Akati khumi, ife tinena makumi awiri. Vuto n'lakuti akuganiza kuti ubwerera kwanu. Uwauze onse amve kuti kumeneko sudzapondakonso."

Anamutengera ku wailesi. Wofunsa mafunso atatchula Akabawi, Yadiel anaseka mmene Papo amasekera.

"Akabawi? Timu ya nkhalamba imeneyo. Ndi basi yawo yomwe, imachita kukankha."

Tauni yonse inamva. Ometa tsitsi anamva, ogulitsa nthochi zokazinga anamva. Don Heriberto anamvera m'basi momwemo, akuipukuta.

Madzulo ake anamuimbira foni Yadiel.

"Basi imene ukuinyozayo yakunyamula kuyambira uli mwana."

"Ndi bizinesi chabe, Bambo. Inu simungazimvetse."

"Amayi ako akuti ndikuuze kuti poyenda munthu amasiya phazi, osati mlomo. Ine langa ndi limodzi. Don Anselmo adikira mpaka Lolemba, ngakhale wawanyoza. Ndipo kufikira utasainira penapake, usakhudze mpira pa simenti. Wosewera wopanda kontilakiti akathyoka, amathyokera yekha. Ukundimva?"

"Miyendo ndi yanga," anatero Yadiel. "Ndipo Lolemba adikire mpaka atope."

Lolemba linadutsa. Timu iliyonse ili ndi malo khumi ndi awiri okha, ndipo malowo anayamba kudzaza. A kummwera aja anatenga munthu wina. Timu yaikulu imene Papo ankaidalira inabweretsa mnyamata wochokera ku New York. Foni imene inkalira ngati mavu ija inangoti zii.

"Achimwene, nanga tsopano?"

"Akuiwala basi. Tiwakumbutsa." Papo anamumenya paphewa. "Loweruka kuli chikondwerero cha woyera mtima kudera lina kuno. Kumakhala masewero obetcherana. Ukawaonetsa, ine ndijambula, pofika Lamlungu onse akhala akugogoda."

"Bwalo lake ndi lamatabwa?"

"Lasimenti. Bwanji, ukuopa? Ndikuimbire adadi ako adzakugwire dzanja?"

Yadiel anachotsa dzanja la Papo paphewa pake. "Ine sindiopa munthu."

Loweruka kunagwa kamvula masana. Anthu anapukuta bwalo ndi makatoni, ng'oma zikulira, utsi wa nkhumba yowotcha uli tolotolo. Yadiel anamwako pang'ono kuti alimbe mtima. Atalumpha koyamba n'kumiza mpira m'nkhata, anthu anakuwa mpaka agalu anathawa. Atalumpha kachiwiri, anadziguguda pachifuwa akuyang'ana foni ya Papo.

"Jambulani! Akaone kumapiri!"

Kachitatu anatera pamene makatoni sanafike. Phazi linapita uku, thupi uko. Bondo linangoti phwa! Ndipo ng'oma zinapitiriza kulira, chifukwa oimbawo sanaone.

Kuchipatala dokotala anayang'ana chithunzi cha bondolo nthawi yaitali.

"Mtsempha waduka. Pafunika opaleshoni, kenako chaka chathunthu osasewera. Mwina kuposa." Anatenga cholembera. "Ndinu wosewera eti? Timu yanu ndi iti, kuti tiwadziwitse?"

Yadiel anacheuka kuti Papo ayankhe. Papo anali atatuluka, akuti kukaimika galimoto pabwino. Yadiel anamuimbira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi foni inali yotseka.

"Timu yanu, achimwene?" anabwereza dokotala.

"Ndine mfulu," anatero Yadiel. Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri.

Patapita masiku awiri, pakhomo pa chipatala panaima basi ya Akabawi, ikutsokomola utsi. Mwendo wa Yadiel unali womangidwa mowongoka, wosalowa m'galimoto wamba. Don Heriberto anali atapita kwa Don Anselmo chipewa chili m'manja kukapempha basiyo, ndipo Don Anselmo anangowapatsa makiyi osafunsa kanthu.

Anamugoneka pampando wakumbuyo. Bambo ake analiza basi n'kuyamba kukwera mapiri.

"Ndichira ine," anatero Yadiel mokweza, kuti amveke kutsogolo. "Muona. Adzandifuna okha. Ndi Don Anselmo omwe adzabwera kudzandipempha."

Bambo ake anangosintha giya.

Polowa m'tauni anadutsa pa holo ya timu. Pakhoma panali chinsalu chachikulu cha osewera a chaka chino. Yadiel anadzutsa mutu n'kuwerenga nkhope. Zinakwana khumi ndi ziwiri. Nambala folotini, imene iye anaivala zaka zitatu, inali pachifuwa cha mnyamata wina amene kale ankangokhala pabenchi. Yadiel anabwezera mutu pampando.

Doña Providencia anali pakhomo, pamalo omwe aja anaima usiku uja. Sanathamange kudzamuchingamira. Anangodikira. Yadiel anatsika ndi ndodo ziwiri, pang'onopang'ono, anansi akusuzumira m'mawindo. Atafika pamphuthu anaima. Sanafunikenso kuwerama, ndodozo zinali zitamuweramitsa kale.

"Dalitso, Mayi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga." Anamugwira kumaso ndi manja onse awiri. "Mpunga ndi nyemba zili pamoto. Unyolowo uvule, wakuderetsa khosi."

Unalidi utasiya mzere wobiriwira pakhungu. Sunali wagolide n'komwe.

Yadiel anakhala pampando, mwendo uli pa chopondera. Anatulutsa foni m'thumba, naiyang'ana, kenako anaipereka yekha kwa bambo ake kuti aiponye m'chitini.

"Bambo," anatero chapansipansi, "mawa mungandiperekeze kwa Don Anselmo? Sindikufuna malo. Ndikufuna ndikapepese. Ndi inunso, za basi zija."

Don Heriberto anatseka chitini, nachibwezera pamwamba pa filiji. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Ndikuperekeza. Koma malo usayembekezere, anapita, ndipo mwina bondoli silidzabwereranso mwakale. Umve bwino, Yadiel, udzauzenso ana ako. Chimene chakuthyola si simenti ayi. Ndi dyera ndi kudzikuza. Munthu amene waphwanya mawu ake chifukwa wina walonjeza zambiri, n'kunyoza amene anamulera, tsiku logwa amagwa yekha. Iwe mwayi wako ndi wakuti basi ya nkhalamba inali ikuyendabe."