Msoko wa Wamanzere

Anakumana m'sitolo ku Igloolik, mudzi wozizira wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mu Juni, nyengo imene dzuwa limangozungulira kumwamba osalowa. Leetia ankagulitsa m'menemo, ndipo Simeonie, mnyamata wa kumgodi wothyathyalika lilime, anabwera katatu tsiku limodzi kudzagula tiyi.

"Kodi achimwene, kwanuko mumasamba tiyi?" anafunsa Leetia.

"Ine sindiweruka dzuwa lisanalowe, chemwali. Ndiye mundipirire mpaka Julayi."

Mtsikana anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamugwetsa m'mbuna.

Kumapeto kwa Novembala dzuwa linasuzumira komaliza. Simeonie anakwera ndege ya kumgodi atalumbira kuti, "Tsiku lodzatulukanso dzuwa ndidzakhala pakhomo pa makolo ako kudzakufunsira, wapamtima wanga."

Masabata asanu ndi limodzi a mdima, Leetia anamusokera nsapato za chikopa cha katumbu wa m'nyanja. Ankatafuna chikopacho kuti chifewe mpaka nsagwada kuphwanya. Kwathu kuno nsapato zotere susokera mwamuna wamba, ndipo msoko wa mkazi aliyense umadziwika ngati nkhope yake.

"Mdimawu wandikwana, ndakusowa," Leetia anamulembera pafoni.

"Dzuwa silinathawe, duwa langa. Dziko langopendekeka, liwongoka. Inenso sindinathawe."

Kenako mauthenga anayamba kufupika, akuti netiweki ikuvuta. Nanga wokonda amafunsa zambiri? Anakhulupirira, mwana wa eni.

Tsiku lija linafika pakati pa Januwale. Masana mudzi wonse unakwera kaphiri kukadikira dzuwa, Leetia atakhwapatira phukusi lake la nsapato zija. Simeonie anali kale pomwepo. Kani anatera dzulo lake osanena! Pomuthamangira, maso a Leetia anagwera kumapazi. Mnyamata anavala nsapato zatsopano.

"Wakusokera ndani?"

"Amayi."

"Amayi ako ulusi anasiya kuuona kalekale. Msoko uwu ndi wa dzanja lamanzere, Simeonie. Mudzi uno wamanzere ndi msuweni wanga Sipporah yekha."

Simeonie anakanda chipale chofewa ndi nsonga ya nsapatoyo.

"Ndimati ndikuuze bwinobwino. Ndi woyembekezera."

"Achira liti?"

"Mu Meyi, dzuwa likamadzasiya kulowa."

Leetia anawerenga miyezi chobwerera. Anafika pa Ogasiti.

"Ndiye kuti pokwera ndege paja, ukulumbira muja, unkadziwa kale?"

"Ndinkaopa kukusiya mumdima uli wosweka mtima."

"Wachita bwino kudikira kuwala. Ndakuona bwinobwino."

Pomwepo ana anafuula. Kamphepete kofiira ka dzuwa kanatulukira kum'mwera, ndipo anthu onse anatembenukira komweko, ena akulira ndi chimwemwe. Leetia yekha analipatsa nkhongo dzuwalo. Anatsika kaphiriko misozi ikuumira m'masaya, phukusi likadali kukhwapa.