Mlezi Wovala Nsalu ya Namwino

Namwino uja ankaanula matewera pachingwe dzuwa litapendeka, pamene anamva mawu ake omwe akuimba m'nyumba. Mawu ake enieni, osasa ndi chimfine cha dzulo lake. Chikhalirecho iye ali panja, pakamwa pali potseka.

Anasuzumira pawindo. Anali mlezi, mayi wachikulire amene anamulemba ntchito tchuthi cha uchembere chitatha, akugoneka kamwana kake atavala nsalu ya namwinoyo.

Nsaluyo anamupatsa yekha, abale inu! Masiku oyamba mwana ankalira mpaka kubanika mayi akamanyamuka. Ndiye anzake kuchipatala anamupatsa nzeru: mlezi azivala nsalu yanu yosachapa, mwana akamva fungo lanu atonthola. Anatontholadi. Ndani akanadziwa kuti pali anthu otha kuvala nsalu, n'kuvala ndi mwini wake yemwe?

Mwana anayamba kukana bere. Kenako mayi akamunyamula ankapotoza khosi, kulira ngati wagwidwa ndi mlendo. Namwino ankadzinunkhiza pachifuwa, m'khwapa, osamva kanthu, ngakhale thukuta. Koma mlezi akadutsa, chipinda chonse chinkamveka fungo la mkaka wa namwino ndi mafuta ake odzola.

Tsiku lina mayi wogulitsa makala anamukodola kuseri kwa mpanda.

"Achemwali, mlezi ujayu munamutenga kuti?"

"Anabwera yekha pageti. Bwanji?"

"Analerako kwa aphunzitsi, analerako kwa atelala. Konseko anamuthamangitsa."

"Ndiye?"

"Ndiye konseko kunagwa maliro. Iye akachoka, mwana sadyanso m'manja mwa munthu."

Namwino anapsa mtima. Iye, munthu wa majekeseni, aziopa zimenezo? Anamulanda mlezi nsalu ija n'kuiponya pamoto, chikwama chake n'kuchitulutsa panja. Mlezi sanakangane.

"Ine ndapita, madamu," anatero modekha. "Koma amene mwathamangitsayu ndi mayi wake."

Mwana anatseka pakamwa kuti ndwii. Botolo ayi, phala ayi. Kuchipatala anamuika diripu, adokotala anapima apa, kupima apo, osapeza matenda. Timaso tinalowa m'kati, tikungoyang'ana kuchitseko. Namwino anaimba nyimbo zonse zimene ankadziwa, analira, anachonderera: "Ndine, mwanangu, ndine!" Mwana osacheuka n'komwe.

Mwamuna wa namwino ndiye analankhula, misozi ili mbwee.

"Mayi a mwana, kamutengeni."

"Mfiti imeneyo?"

"Yomweyo. Ine kabokosi sindikanyamula."

Namwino anakamupeza mlezi m'kachipinda kuseri kwa msika, atakhala pampando, chikwama chili pamiyendo, nsapato atavala kale. Anangoti, "Mwachedwatu, madamu." Atangolowa m'nyumba, mwana amene sankatha kudzutsa mutu anatambasula timikono. Anadya mpaka kunyambita sipuni.

Lero mwanayo akuyenda, wanenepa, masaya phwii. Anthu amamuyamikira. Palibenso amene amanena zothamangitsa mlezi, ndipo wogulitsa makala akadutsa pageti amayang'ana kumbali.

Dzulo namwino atabwera kuntchito anagwada pakhomo, manja atatambasula. Mwana anathawira kumiyendo ya mlezi.

"Usaope, mwanangu," anatero mlezi. "Apatse moni anti."

Mwana anabwera mwaulemu n'kupereka kadzanja. Namwino anakagwira, kofunda, kamoyo, ndipo anamwetulira kuti asamuopse. Kenako analowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti mwana wake asamumve akulira.