Maluwa Ofuna Chisanu

Chikwama cha mnyamatayo chinang'ambika kondakitala akuchitsitsa m'minibasi yochokera ku Limbe, ndipo tinthu tonga anyezi tinangoti mbwee pa depoti ya Phalombe Boma.

Fyness Makina, amene anabwera kudzagulitsa mapeyala tsiku limenelo, anatula dengu lake n'kuyamba kutola nawo.

“Achimwene, anyezi wochepa chonchiyu mukam'gulitsa kwa ndani?”

Mnyamatayo anaseka. Anali wamtali, wa jekete yachikopa, mano ali mbee.

“Mukangomudya ameneyu, achemwali, mukagona kuchipatala. Iyi ndi mbewu ya maluwa. Ndachoka nayo ku Joni.”

“Ku Joni konse kuja? Anzanu akubwerako ndi mafiriji, inu mwanyamula maluwa?”

Dzina lake anali Davison. Kwawo kunali ku Chiwalo, koma ankagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ya mzungu wina ku Johannesburg. Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Fyness anangoti kukamwa yasa! Duwa lotere anali asanalionepo: labuluu wothimbirira, lili ndi kadontho kachikasu pakati, litaima njo pa kamtengo kowongoka.

“Amawatcha ailisi, mbewu yake ndi ya ku Holande,” anatero Davison. “Vuto lake n'limodzi. Amafuna chisanu. Kwathu ku Chiwalo n'kotentha, sangachite maluwa. Inu kwanu n'kuti?”

“Ku Fort Lister.”

“Pakati pa mapiri paja? Kumene Juni akafika anthu amaotha moto masana?”

Maso a Davison anawala. Fyness anayang'ana pansi mwamanyazi, poganiza kuti akuwalira iyeyo.

“Mulungu sang'amba chikwama pachabe,” mnyamatayo anatero motsitsa mawu. “Tandipatsani nambala yanu.”

Umenewo unali mwezi wa Epulo, mvula ikusiya kumene. Sabata isanathe, “achemwali” anasanduka “Fai wanga”, ndipo “inu” anasanduka “iwe”. Davison ankabwera ku Fort Lister pa njinga yamoto, atanyamula buledi ndi shuga wa a Belita, amayi ake a Fyness. Ankagwada popereka moni. Ankayankhula nawo Chilomwe chosalala mpaka mayiwo ankaseka osafuna.

Kuseri kwa nyumba kunali kadimba ka Fyness ka mpiru ndi tomato. Davison anakayendera, natapa dothi n'kulifikisa m'manja.

“Apa ndiye pabwino. Dzuwa limafika, madzi saima. Akakhala pa chinyontho chambiri amaola.”

“Nanga ndiwo zanga?”

“Bebi, ukadzakhala mkazi wanga ndiwo uzidzagula m'shopu.”

Fyness anazula mpiru wake yekha, ndi manja ake. Anasakaniza dothi ndi mchenga wa kumtsinje. Davison anam'gwira dzanja n'kumuphunzitsa kubzala.

“Kunsongaku kuziyang'ana kumwamba. Ulowetse kuya kwa chikhatho chako. Usawathinitse, nawonso amafuna kupuma.”

Atakwirira komaliza, anam'yang'ana m'maso.

“Tamvera, wapamtima. Tsiku limene duwa loyamba lidzatseguke, ine ndidzakhala ndili pakhomo pano ndi amalume anga. Ndalumbira pa manda a bambo anga.”

Ndi mtsikana uti akanakayika? Munthu angalumbire pa manda a bambo ake akunama?

A Belita okha ndi amene anapukusa mutu madzulo ake.

“Dimba la ndiwo walisandutsa la maluwa. Tizidyera maluwa, eti?”

“Amayi, simukumvetsa.”

“Ndikumvetsa. Kwawo wakuonetsako?”

“Akuti akadzabwera.”

Kumayambiriro kwa Meyi, Davison anatsazika kuti akubwerera ku Joni. Fyness analira pa depoti pomwe paja mpaka amayi ogulitsa nthochi anamunena.

Kenako chisanu chinafika. Chiperoni chinatsika m'phiri la Mulanje n'kukuta mudzi wonse, moti phiri la Michesi silinkaoneka n'komwe. Fyness ankadzuka m'mawa zala zili gwa, n'kupita kumtsinje kukatunga madzi othirira. Anamanga mpanda wa bango kuti nkhuku zisafukule. Timasamba tosongoka titayamba kutuluka m'dothi, anavina yekhayekha m'dimbamo ngati wamisala.

Mauthenga ankabwera tsiku lililonse.

“Duwa langa, wadzuka bwanji? Nanga ana athu atuluka angati? Nditumizireko chithunzi.”

“Switi, usathirire kwambiri. Dothi likauma pamwamba ndiye uthire. Ndakusowa koopsa.”

“Mayi wa ana anga, kuno sindikugona. Ndikungoona nkhope yako.”

Tsiku lina mfuko inalowa m'dimba n'kudya mzere wathunthu. Fyness anamuimbira akulira.

“Wati chiyani? Mzere wonse? Iwe umatani nthawi imeneyo?”

Aka kanali koyamba kumva Davison akukalipa. Koma posakhalitsa uthenga unalowa: “Pepa dali. Ndimangofuna tsiku lathu lidzakhale lokongola.”

Tsiku lathu! Mawu awiri amenewo anam'funditsa kuposa bulangete.

M'mwezi wa Julaye msuweni wake wina anam'pezera ntchito m'shopu ya nsalu ku Limbe. Fyness anali atailakalaka ntchito yotere kuyambira pomwe anasiyira sukulu. Koma akapita, ndani akanasamala maluwa? Anakana. Anapitanso kwa amalume ake a Laston kukawauza kuti akhale okonzeka, kukubwera alendo. A Laston anafalitsa nkhaniyo kwa abale onse, ndipo kutchalitchi atsikana anzake anayamba kumutcha “Mayi a ku Joni”.

Mu Seputembala, kunja kutayamba kufunda, duwa loyamba linatseguka. Linali lokongola kuposa la pachithunzi lija. Anthu odutsa ankasuzumira pa mpanda. Ngakhale a Belita anaima nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

“Koma ndiye n'zokongola,” anavomera.

Fyness analemba uthenga: “Dave wanga, latseguka! Uli kuti?”

Yankho linachedwa mpaka masana.

“Mtima wanga, bwana wandikaniza tchuthi mpaka kumapeto kwa mwezi. Ndalira ngati mwana. Koma tamvera. Msuweni wanga Noah akukwatira Loweruka pa Boma. Udule maluwa onse m'mawa, makamaka amene angoyamba kuonetsa mtundu, uwaike m'ndowa ya madzi. Nditumiza wa kabaza adzatenge. Abale anga akawaona adzadziwa kuti ndikubweretsa mkazi wotani.”

Onse? Mtima wa Fyness unawawa. Koma anaganizanso: kodi uwu si mwayi woti akaonekere kwa apongozi ake? Davison sanamuuze kuti apite, komanso sanam'letse. Anaganiza zom'dabwitsa.

Loweruka m'mawa anadula maluwawo limodzilimodzi ndi lumo latsopano. Anavala diresi lake lachitenje la pa Khirisimasi, nadzola mafuta onunkhira. Wa njinga yamoto atafika, anam'peza ali chile.

“Anangondiuza za ndowa, osati munthu,” anatero bamboyo.

“Msewu wake umenewu maluwa angakafike amoyo popanda wowagwira? Tiyeni.”

Anatsetsereka phiri, ndowa ili pamiyendo, madzi akum'khavukira pa diresi. Njira yonse ankayeseza moni woti akapereke kwa amayi ake a Davison.

Wa kabaza anaima pa nyumba ina yamalata obiriwira kuseri kwa msika. Panja panali magalimoto omangidwa maliboni, amayi akuphika mpunga m'miphika ikuluikulu. Atangoona ndowa ija, nthungululu zinalira.

“Maluwa afika! Alowetseni kwa mkwatibwi!”

Mayi wina wonenepa wa duku lagolide, amene onse ankamutcha azakhali, anam'kokera Fyness m'chipinda. Pampando panakhala mtsikana wovala zoyera, akum'konza tsitsi. Ataona maluwawo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge.

“Mayo ine! Enieni aja! Ndinu aganyu aja a ku Fort Lister, eti? Ine ndine Aliness. Davison amakuyamikirani kwambiri, akuti ndinu olimbikira ntchito.”

Fyness anaona ngati sanamve bwino.

“Aganyu?”

“Eya, amene anakulembani kuti muzisamala maluwa. Mukudziwa, pa chinkhoswe chathu chaka chatha ndinamuuza kuti ndikufuna kudzagwira maluwa amene mkwatibwi wina aliyense sanagwirepo mu Phalombe muno. Ndimangocheza ine! Iye n'kukawatengadi ku Joni. Mwamuna ameneyu!”

“Pepani,” anatero Fyness. “Akukwatira si a Noah?”

Atsikana operekeza mkwatibwi anaseka.

“A Noah ndi operekeza mkwati. Mwasokoneza, mayi.”

Nthawi yomweyo panja panamveka mawu amene Fyness ankawadziwa kuposa a munthu wina aliyense.

“Azakhali, ndowa ija yafika? Sanafote?”

Davison anasuzumira pakhomo, atavala suti yotuwa, tsitsi lometedwa kumene. Kumwetulira kwake kunazima ngati nyali yothiridwa madzi.

“Fyness.”

“Bwana wakupatsa tchuthi?”

“Tiye panja ndikufotokozere.”

“Undifotokozere pompano. Kapena waganyu saloledwa kuyankhula pamaso pa adona?”

Wokonza tsitsi anaima, chipeso chili m'mwamba.

“Dave, n'chiyani chikuchitika?” anafunsa Aliness.

“Palibe, bebi. Mtsikanayu sanamvetse bwino. Ndinkangocheza naye, iye n'kuzitenga ngati zenizeni.”

Bebi! Dzina lomwe lija, mawu ake omwe aja!

Fyness anatsitsa ndowa pansi bwinobwino, natulutsa foni m'kachikwama. Sanakuwe. Anawerenga pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu a Mulungu kutchalitchi.

“‘Mayi wa ana anga, pirira pang'ono. Mwezi ukamatha ukhala wanga mpaka imfa.’ Uwu ndi wa dzulo madzulo, achemwali. Ndiwerengenso wa dzana?”

Davison anam'yandikira, akunong'ona mwaukali.

“Ukufuna kundiyalutsa? Chabwino, poyamba ndimafuna malo ozizira basi. Ndikanakuuza zoona ukanavomera kudzuka m'chisanu muja? Koma kenako ndinakukondadi, Fai. Zikatha izi tidzakambirana.”

“Unalumbira pa manda a bambo ako.”

“Bambo ake?” anadabwa mmodzi wa atsikana aja. “Si awo akhala pansi pa mtengo wa mango panjapo?”

Apa m'pamene Fyness anamvetsa zonse. Anagwira khoma. Mpiru wake, ntchito ya ku Limbe, zala zong'aluka ndi chisanu, amalume ake amene anali atauza mudzi wonse! Zonsezo kuti mkazi wina adzaoneke bwino pa chithunzi?

Anayang'ana Aliness, akudikira kuti avule chophimba kumutu chija, alire, athetse zonse. Aliness anayang'ana Davison. Kenako dzanja lake linatsikira pamimba, pamene diresi linali litathina pang'ono.

“Anthu adzaza kale m'tchalitchi,” anatero ndi mawu otsika, osayang'ana aliyense. “Abusa akudikira. Mangani maluwawo.”

“Mwamva!” anakuwa azakhali aja, akuomba m'manja. “Mwamuna aliyense ali ndi mbiri yake. Inu mayi, ntchito yanu mwamaliza. Tam'patseni mpunga m'mbale azipita!”

Wina anam'gwira Fyness pamkono n'kum'tulutsa. Davison anapatuka pakhomo kuti adutse, maso ali pa nsapato zake. Mbale ya mpunga ija Fyness anaisiya pakhonde.

Anali asanafike patali pamene magalimoto anam'pitirira, malipenga akulira, atsikana akuimba pa mawindo. M'galimoto yoyamba anaona Aliness, nkhope ili gwa ngati mwala, atakumbatira maluwa abuluu pachifuwa. Anthu m'mbali mwa msewu ankaloza.

“Taonani maluwawo! Awatenga kuti?”

Fumbi linam'kuta Fyness thupi lonse.

Sanakwere kabaza. Anayenda wapansi chitunda chonse cha ku Fort Lister, dzuwa likum'tentha, nsapato zili m'manja. M'njira foni inalira kamodzi. “Fai, usandiweruze msanga. Ndiwe wekha amene umandimvetsa.” Anaithimitsa.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Belita anali pakhonde akusenda chinangwa choti ayanike chikhale makaka, ndipo pambali pawo panakhala a Laston, amene anabwera dala kudzamva mmene zayendera.

“Wabwera mwana wanga!” anatero amalumewo mosangalala. “Tatiuza, akuchimuna akulandira bwanji?”

A Belita anayang'ana mapazi afumbiwo, nayang'ana nkhope ya mwana wawo, mpeni n'kuwagwa m'manja.

Fyness anakhala pansi pafupi nawo, natsamira mutu pa phewa lawo.

“Ukwati unali wabwino, amayi,” anatero. “Mkamwini wanu anatchena kwambiri.”