Usadye, Lucy

Nellie ankakhala ku Usisya. Tsiku lina amalume ake, a Mizeck, anabwera. Iwo ankagwira ntchito m'sitima zazikulu. Anakhala zaka zambiri ku Argentina.

Anabwera ndi mwana wawo wamng'ono, Lucy. Lucy sankadziwa Chitonga. Sankadziwanso Chinyanja. Ankalankhula Chisipanishi chokha.

M'mawa wina amalume anakonza bwato.

"Ndikupita ku boma," anatero. "Amayi ako ali kumunda. Umuyang'anire Lucy."

Nellie anachita mantha.

"Amalume, nanga akapita pangozi? Ndimuuza bwanji? Sandimva."

Amalume anakhala pamchenga.

"Nena kuti, Ven aquí. Ndiye kuti, bwera kuno."

"Ven aquí," anatero Nellie.

"Nena kuti, Toma. Ndiye kuti, landira."

"Toma."

"Nena kuti, No comas. Ndiye kuti, usadye."

"No comas."

"Lilime lako likulemera ngati nangula," amalume anaseka. "Koma akumva."

Bwato linapita. Nellie anatsala ndi Lucy.

Kuseri kwa nyumba kunali dengu. M'dengumo munali chinangwa chosenda. Chinali chinangwa chowawa. Chinangwa chowawa sachidya chachiwisi. Amayamba achiviika m'madzi masiku angapo. Mwana aliyense wa ku Usisya ankadziwa zimenezi. Koma Lucy sankadziwa.

Nellie anapita kukatunga madzi. Pobwera, anaona Lucy pa dengu. Lucy anali ndi chinangwa m'manja.

"Usadye," anatero Nellie.

Lucy sanamve. Anakweza dzanja.

Nellie anatula madzi aja pansi. Mawu aja anathawa m'mutu. Chinangwa chinafika pamlomo.

"No comas!" Nellie anafuula. "No comas, Lucy!"

Lucy anaima. Anayang'ana Nellie. Chinangwa chinagwa pansi.

"Tengo hambre," anatero Lucy, akulira.

Nellie sanawadziwe mawu amenewo. Koma Lucy anagwira pamimba. Nellie anathamangira m'nyumba. Anatenga nthochi ziwiri.

"Ven aquí. Toma."

Lucy anabwera. Analandira. Anadya zonse ziwiri.

Amalume atabwera, Nellie anawafotokozera. Iwo anayang'ana dengu nthawi yaitali. Sanaseke. Anamunyamula Lucy. Anagwiranso dzanja la Nellie.

"Yewo, mwana wanga," anatero pothokoza Nellie.

"Amalume, Tengo hambre n'chiyani?"

"Ndiye kuti, ndili ndi njala."

Nellie anaganiza pang'ono. Amayi ake anali atabwerako kumunda.

"Amama," anaitana, "tengo hambre."

Lucy anaseka. Kanali koyamba kuti aseke ku Usisya.