Udzudzu wa Pathebulo la Agogo

Tham ndi mtsikana wa kwathu kuno, m'mbali mwa mtsinje wa Mekong. Ali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Khoa. Tham ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Khoa asadwalenso.

Khoa anadwala dengi. Dengi ndi matenda obwera ndi udzudzu. Udzudzu wake ndi wamizeremizere. Umaluma masanasana, wopanda manyazi!

Khoa anachira. Koma adokotala anati, "Samalani. Dengi ikabweranso, imatha kuvuta kwambiri. Udzudzu umaswana m'madzi osayenda."

Tham anayamba ntchito. Anavundikira mtsuko wa madzi akumwa. Anaika tinsomba mumtsuko wa kuseri, tizidya ana a udzudzu. Anataya madzi a m'zigoba za kokonati.

Koma masana, nwiii! Udzudzu uja unatera pamwendo pa Khoa.

Phwa! Amayi anauphonya.

"Achemwali, wabweranso," Khoa anatero.

Tham anachita mantha. "Ukuchokera kuti, iwe?"

Anayang'ana kukhitchini. Kunalibe. Anayang'ana kubafa. Kunalibe. Anayang'ana m'bwato la Ababa. Munalibe.

Panatsala malo amodzi. Pabalaza pali thebulo lalitali la makolo. Pamenepo pali chithunzi cha malemu Agogo. Pali lubani, zipatso ndi botolo la maluwa. Kwathu kuno, mwana sakhudza thebulo limenelo. Ngakhale mwana wosamva amadziwa.

Tham anakwera pampando. Anaika manja kumbuyo. Anasuzumira m'botolo muja.

Mayo ine! Ana a udzudzu anali mbwee! Ankavinavina m'madzi.

"Iwe Tham! Tsika!" Awo anali Ababa, ali pakhomo.

"Sindinakhudze, Ababa. Onani manja anga. Koma tabwerani muone."

Ababa anabwera. Anasuzumira. Anasuzumiranso. Kenaka anagwira pakamwa.

"Ha! Ine ndimangowonjezera madzi," Ababa anatero. "Sindimataya akale. Ndimaopa kusuntha maluwa a Agogo."

"Ndiye titani, Ababa?"

"Tiwapemphe kaye."

Ababa anayatsa lubani. Anawerama. Tham anawerama. Khoa nayenso anawerama, mpaka pang'onong'ono agwe.

"Bambo, pepani," Ababa anatero. "Tisuntha maluwa anu pang'ono. Tikuteteza mdzukulu wanu."

Amayi anaseka. "Akana bwanji? Agogo anu ankadana ndi udzudzu. Ankauthamangitsa ndi silipasi!"

Ababa anatsitsa botolo ndi manja awiri. Tham anataya madzi padothi lotentha. Anakwecha m'kati mwa botolo. Anakwecha, anakwecha, mpaka mazira onse a udzudzu anachoka. Kenaka anathira madzi atsopano.

Masiku anapita. Pabalaza panali zii. Udzudzu unachepa, ndipo Khoa sanadwalenso. Anayamba kudya mpunga ngati munthu wamkulu. Tham anakondwa kwambiri.

Tsiku lina m'mawa, Ababa anaitana Tham. Anaika mpando patsogolo pa thebulo la makolo.

"Kwera, mwanangu."

"Ine, Ababa? Ndikhudze?"

"Iwe ndithu. Kuyambira lero, madzi a maluwa uzisintha ndiwe."

Khoa anagwira mpando kuti usagwedezeke. Tham anakwera. Anatenga botolo ndi manja awiri. Anayang'ana chithunzi chija.

"Mwadzuka bwanji, Agogo?" anatero. "Ndine Tham. Ndizibwera tsiku lililonse."