Mpando wa Pafupi ndi Bedi la Mayi Telala

Woyamba kuona kuwalako anali bambo Mawaya, wokonza magetsi wa m'chipinda chachitatu pa mdadada wa nyumba za lendi, yemwe ankadzitama kuti saopa chilichonse kupatula mkazi wake. Usiku wina magetsi atazima, iwo akuchokera kuchimbudzi, anaona kakuwala kobiriwira kakutuluka pansi pa chitseko cha mayi Telala. Sikanali ka kandulo, chifukwa sikankagwedezeka. Ataima n'kutchera khutu, anamva munthu wamwamuna akutsokomola m'katimo, motsitsa, ngati wosafuna kudzutsa wogona.

Chonsecho mayi Telala ankakhala okha. Amuna awo anamwalira chaka chapitacho, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anali namwino kutali kwambiri, ulendo wa masiku awiri. Mayiwo ankadwala shuga, moti tsiku lina anawapeza atakomoka pafupi ndi makina osokera. Aliyense pamdadadapo ankaopa kuti lidzafika tsiku loti chitseko chija chidzakhala chotseka mpaka masana. Koma kukhala pakhonde madzulo kunatha kalekale. Moni, madandaulo a madzi ndi miseche yomwe zinkadutsira pa gulu la pafoni la anthu a lendiwo.

Usiku wotsatira bambo Mawaya anatenga mkazi wawo, ati kuti akhale mboni, ngakhale kuti pofika pachitsekopo mboniyo ndi imene inali kutsogolo. Kunja kunali zii, kupatula madzi odontha pa mpopi ndi galu wina akulira kutali. Kuwala kunalipo. Kenako mpando unalira, kweee, monga umachitira munthu wolemera akamakhala.

"Mwamva?" ananong'ona mayi Mawaya. "Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa. Ndi cha malemu."

"Khala chete iwe, tiye tizipita."

Kutacha, nkhani inali itadzaza pagulu paja. Wina analemba kuti mayiwo apeza chibwenzi. Wina anati amacheza ndi akufa. Mayi Telala ankangopalasa makina awo, foni itatsamira pa chitini cha mabatani, akuonera mmene amadulira kolala yamakono.

Usiku wachisanu chionekereni kuwala kuja, cha m'ma 2 koloko, foni ya bambo Mawaya inalira. Nambala inali yachilendo. Anangoiyang'ana mpaka mkazi wawo anawagunda ndi chigongono.

"Bambo Mawaya, ndine mwana wa mayi Telala. Chonde thamangani, thyolani chitseko! Amayi shuga watsika, akutuluka thukuta ndipo sakuyankha. Ndikuwaona pompano!"

Munthu wamantha uja anathyola chitseko ndi phewa limodzi. M'katimo, pamwamba pa makina, foni inali itatsamira pa chitini chija, itayang'ana kubedi, ndipo pagalasi pake panali nkhope ya mnyamata wovala zoyera, misozi ili mbwembwembwe. Iye ndiye ankalamula zonse: agonekeni chammbali, musawamwetse madzi, apakeni shuga m'kati mwa tsaya, wina aitane galimoto. Mayi Mawaya analemba mawu atatu okha pagulu paja, ndipo mdadada wonse unadzuka. Amiseche omwe aja ndi amene ananyamula mayiwo.

Patapita masiku atatu, mayi Telala anabwerako kuchipatala akuyenda okha. Bambo Mawaya akukhomerera chitseko chimene anathyola, mwana uja anaimbanso pa vidiyo n'kufotokoza zonse. Chikomokereni mayi ake ulendo woyamba uja, ankasiya foni zawo zili zolumikizana usiku wonse. Iye akamazungulira odwala ake, ankasuzumira foni ya m'thumba mwake n'kuona mayi ake akupuma.

"Nanga nambala yanga unaitenga kuti?" anafunsa bambo Mawaya.

"Pagulu lanu lija. Amayi anandilowetsamo kalekale. Za chibwenzi zija ndinawerenga zonse."

Mayi Mawaya anaphimba nkhope ndi nsalu, anthu n'kufa nacho chiseko. Kunena zoona zinali zogometsa: kachipangizo kolowa m'thumba kanachititsa kuti mwana wa kutali aone zimene anthu ogona kuseri kwa khoma sanazione. Bambo Mawaya anamva manyazi, komanso mtima wawo unapepuka.

"Ndiyetu unatiopseza, mwanawe," anatero akupukuta thukuta. "Chifuwa chako chija tinkachiyesa cha mzukwa."

Mnyamatayo anakwinya nkhope. "Chifuwa chiti? Ine ndikakhala pa ntchito ndimatseka mawu, kuopa kusokoneza odwala. Kumeneko sikumveka kalikonse kochokera kwa ine." Kenako anapitiriza: "Komanso ndimafuna ndikuthokozeni, bambo. Usiku uja ine ndinali nditasinza. Chinandidzutsa ndi kugogoda kwanu pa foniyo."

"Kugogoda kwanga?"

"Si inu kodi mumakhala pampando wa pafupi ndi bedi usiku uliwonse, mutavala chipewa? Nkhope sindiiona bwino chifukwa cha mdima."

Hamala inagwa m'manja mwa bambo Mawaya. Onse anatembenukira kumpando uja. Unali wathabwa, wakale, ndipo pamsomali wa pamwamba pake panali chipewa cha malemu.

Mayi Telala analowetsa ulusi mu singano, osadzutsa mutu.

"Chitsekocho konzani," anatero mofatsa. "Koma mpandowo musausunthe."