Mabowo Anayi pa Lamba wa Wotchi

Pafupi ndi siteji ya basi panali kathebulo kagalasi kodzaza ndi mawotchi. Kuseri kwake kunkakhala mtsikana amene aliyense ankangomutchula kuti Wamawotchi. Ntchitoyo anaiphunzira kwa malemu bambo ake. Manja ake anali ofatsa, koma pakamwa pake, eee, panalibe buleki!

Tsiku lina madzulo m'basi munatsika mnyamata wotuwa kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Nsidze mbuu, ovolosi mbuu, maso okha ndiwo ankachitira umboni kuti ndi munthu. Ankagwira ntchito pa makina ophwanya miyala, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Phulusa.

"Achemwali, tandionereni wotchiyi," anatero Phulusa. "Yangoima yokha. Ndi yachitatu chaka chino."

Inali wotchi yonyezimira ngati golide, ya mivi, ya lamba wachitsulo. Wamawotchi anaika kagalasi kokulitsa zinthu padiso, n'kutsegula kumbuyo kwake. Ataigogoda papepala, panagwa kamulu ka fumbi.

"Achimwene, mwabweretsa wotchi kapena mwabweretsa phiri? Inu mumaphwanya miyala. Ndipo mukaweruka mumaitsuka pampopi."

Phulusa anatong'ola maso. "Mwadziwa bwanji? Kodi mumalosera?"

"Wotchi sinama. Fumbili ndi la mwala, dzimbirili ndi la madzi. Iyi yafa basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Kenako anatulutsa kawotchi kakuda ka manambala, kosakongola ngakhale pang'ono.

"Aaa, ka ana asukulu aka?" anadandaula Phulusa. "Anzanga akandiseka!"

"Akakusekani, inu mukawafunse nthawi. Tamverani. Iyi ilibe kachitsulo kokoka pambali pomwe fumbi limalowera. Kumbuyoku kuli kamphira kotseka mpata wonse. Lamba wake ndi wapulasitiki, chifukwa wachikopa amawola ndi thukuta, wachitsulo amadyeka ndi mchenga. Galasi lalowa m'kati, ndiye mwala ukagunda umangogunda m'mbalimu. Mtengo wake sungakudwalitseni mutu."

Poona kuti mnyamatayo akukayikabe, anamupatsa chitini. "Kutumulirani chipewa chanucho muno."

Phulusa anakutumula. Wamawotchi anaponya kawotchiko m'fumbimo, n'kukhutchumula mwamphamvu, kenako anakaviika m'kapu ya madzi. Atakapukuta anakatsegula. M'kati munali mbee, mopanda ngakhale kachitsotso!

Phulusa anakagula osanenerera n'komwe. Sanaonepo munthu wodziwa ntchito yake chonchi. Koma tinene zoona, kodi ankayang'ana wotchi kapena zala zimene zinaigwirazo? Mabasi awiri a kwawo ananyamuka iye ali chilili pomwepo.

Wotchiyo sinavutepo, koma mwini wake Loweruka lililonse ankabwera ndi dandaulo.

"Ikuoneka ngati yatsalira ndi mphindi imodzi."

"Watsalira ndi mutu wanuwo, achimwene. Nenani chimene mwadzera."

Ananenadi, lilime likugwiragwira. Pasanathe mwezi, "achemwali" anasanduka "Kamphindi kanga", ndipo "inu" anasanduka "iwe".

Tsiku lina Wamawotchi anatenga wotchi ya Phulusa n'kuilinganiza ndi yake. Zonse ziwiri anazitchera kuti zizilira 12 koloko masana.

"Ikalira, uzidziwa kuti yanganso yalira, ndipo ndikukuganiza," anatero.

Phulusa anamugwira dzanja. "Kamphindi kanga, ndikulonjeza. Batire ya wotchi iyi isanathe, ndidzakhala nditakukwatira."

"Waulesi iwe! Batire imeneyo imakhala zaka ziwiri!"

Anaseka onse, mpaka kuseka kwa Phulusa kunathera m'chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali ndithu.

"Chifuwa chimenechi upite nacho kuchipatala," anatero Wamawotchi.

"Ndi kafumbi chabe, wokondedwa. Ndikamwa madzi kamatsika."

Masana alionse wotchi ikalira, foni inkatsatira: "Yalira, mtima wanga. Makina akubangula kuno, koma ine ndikumva mawu ako okha." Wamawotchi ankayankha kuti: "Bodza! Gwira ntchito, Phulusa wanga." Koma uthengawo ankauwerenga katatu, makasitomala akudikira.

Chaka ndi theka zinatha chonchi. Kenako tsiku lina kunabwera uthenga wina: "Kamphindi, anditumiza kukagwira ntchito kutali. Ndanyamuka mwadzidzidzi. Undidikire."

Osatsanzika n'komwe? Zinamuwawa Wamawotchi, koma anadikira. Mauthenga a masana sanasiye, okoma ngati kale. Chimene chinasiya ndi mawu. Akamuimbira, foni inkangoitana, kenako uthenga: "Netiweki ikuvuta kuno, duwa langa." Miyezi isanu netiweki ikuvuta! Anzake a pasiteji anayamba kumunong'oneza kuti mwamuna akayamba kukonda kulemba kuposa kuyankhula, ndiye kuti pambali pake pali wina womvetsera. Iye ankawakalipira, koma mumtima ankaopa.

Ndiye kunabwera sabata imene mauthenga a masana anayamba kuchedwa. Lachisanu m'mawa pathebulo paja panaima mayi wachitsikana, wooneka bwino, wa mikono yowonda. Anamasula kampango n'kutulutsa wotchi.

"Asisi, mundiikire batire. Yazima Lolemba."

Wamawotchi anailandira n'kuitembenuza. Kawotchi kakuda kaja! Ankakadziwa ngati chikhatho chake, mpaka kachipsera ka mwala pakona yakumanzere. Batire yatha, ukwati palibe, ndipo wotchi ili m'manja mwa mkazi wina.

Atayang'ana lamba anaona kuti wabooledwa mabowo atsopano kuti akwane mkono waung'ono. Anayang'ana mikono ya mayiyo. Misozi inamuotcha m'maso. Ndiye netiweki yovuta ija ndi imeneyi? Chizindikiro cha chikondi chawo ankavala ndi uyu?

Anafuna kuiponya pamsewu kuti basi iiponde. Koma bambo ake ankati mmisiri sakwiyira chinthu asanachiyang'ane bwino. Anaika kagalasi kaja padiso.

Mabowo atsopanowo sanali amodzi. Anali anayi, oboola ndi msomali, ondondozana. Lililonse linali ndi mkwingwirima wa kachitsulo komangira, kusonyeza kuti linagwira ntchito masabata angapo lisanasiyidwe. Mkazi wopatsidwa wotchi amaboola bowo limodzi lomukwana, basi. Uwu unali mkono umodzi womwewo, umene unkachepa mwezi ndi mwezi.

Anayang'ananso m'mizere ya lambayo. Munalibe fumbi la mwala ngakhale pang'ono. Munthu ameneyu sanayandikire makina kwa miyezi yambiri.

Kagalasi kanagwa kuchoka padiso.

"Mayi, mwini wotchiyi akudwala chiyani? Ali kuti?"

Mayi uja anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika.

"Ndiye n'zoonadi! Anandiuza kuti mumawerenga wotchi ngati kalata, ine ndinkati ndi chikondi chikumuyankhulitsa. Ine ndine mlongo wake. Sanapite kutali kulikonse, ali kwanga. Fumbi linamuwononga mapapo, kenako chifuwa chachikulu chinapezerapo mwayi. Anandiletsa kuti ndisayerekeze kufika pathebulo lino. Ndabwera dala, alamu anga. Chizimire wotchiyi sakudya, akungoti lonjezo lake lafa."

Wamawotchi anatenga zida zake. Anatsegula wotchiyo. M'kati munali mbee ngati tsiku loyamba lija, ndipo apa m'pamene analira mokweza, anthu a pasiteji mpaka kutembenuka.

"Ndinatseka mpata uliwonse kuti fumbi lisalowe mu wotchi," anatero akusisima. "Koma munthu wovala wotchiyo ndinamusiya akulimeza tsiku ndi tsiku!"

Anaika batire yatsopano, anapaka kamphira kaja mafuta, analinganiza nthawi ndi wotchi yake. Kenako anakhoma thebulo kudakali m'mawa, zimene sanachitepo chiyambire.

Atafika kwa mlongo uja, anamupeza Phulusa atakhala pampando pafupi ndi windo, pambali pake pali kapu ya madzi ndi mapaketi a mankhwala. Malaya ankangolendewera pamapewa. Kwa nthawi yoyamba Wamawotchi anamuona wopanda fumbi ngakhale m'nsidze, ndipo anadabwa kuti ngakhale atawonda chonchi, maso aja anali omwe aja.

Phulusa anabisa nkhope. "Kamphindi... usandione chonchi."

"Netiweki yabwerera?" anafunsa Wamawotchi. "Miyezi isanu, Phulusa! Basi imodzi yokha pakati pathu! Unandiyesa ndani ine?"

"Ndinkaopa kukupatsira. Pano adokotala akuti mankhwala agwira, sindingapatsirenso munthu. Koma akuti fumbi lomwe linalowalo silidzatuluka, ndipo ku miyala ndisadzapondeko. Iwe unakonda mwamuna wonyamula miyala. Uyu akulephera ndi ndowa yomwe. Ndinati ndiyambe ndachira, ndinenepe, ndidzabwere ngati munthu."

"Wandipweteka kwambiri. Bodza lako landiwawa kuposa matenda akowo."

"Ndikhululukire, mtima wanga. Mauthenga aja okha sanali abodza."

Wamawotchi anagwada, n'kutenga mkono wake. Unali wopepuka ngati wa mwana. Anamuveka wotchi ija, n'kumanga pabowo lachinayi, lomaliza.

"Tsiku lija unabwera ndi wotchi yonyezimira, ine ndinakusankhira iti?"

"Yosakongola," anayankha Phulusa, kumwetulira kukuyesa kubwera.

"Yolimba m'kati. Ine sindisankha chinthu poona kunja, ndi ntchito yanga imeneyi. Munthu amene akuboola lamba ndi msomali kanayi konse kuti wotchi yanga isachoke pamkono pake, ndimusiye ndikatenge ndani? Pathebulo panga pali malo a mipando iwiri, ndipo fumbi kulibe. Ndidzakuphunzitsa."

"Koma batire inatha, Kamphindi. Lonjezo ndinaliphonya. Dikira lambayu abwerere pabowo lakale, ndiye..."

"Ayi! Ndadikira mokwanira. Batire ndaika ina, koma usaganize kuti ndakupatsa zaka zina ziwiri. Undikwatira uli pabowo lomweli. Mabowo enawo tidzabwerera limodzi, limodzilimodzi."

Mlongo uja, amene anaima pakhomo, anapukuta maso ndi kampango kaja.

Nthawi yomweyo inakwana 12 koloko. Mawotchi awiri aja analira pamodzi, osasiyana ngakhale pang'ono, ina pamkono wowonda, ina pamkono womwe unaugwira. Phulusa anayang'ana foni yake pathebulo mwachizolowezi, kenako anaisiya pomwepo.

"Yalira, mkazi wanga," anatero ndi pakamwa pake.